Aneni a Chiheberi otaya malembo ndi ulendo wawo wofika m'Baibulo la Chichewa

Nkhani ya lero ndi yotalikirapo, ndiye pezani pokhala. Ndi mbiri yakale, koma mkati mwake muli galamala. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukangomva mawu oti galamala mumakumbuka mayeso a Fomu 4, mutu n'kuyamba kuwawa. Pirirani pang'ono, muona kumene tikupita.

Kuno ku Ntcheu mipingo inafika msanga, ndipo inafika yambiri. A Zambezi Industrial Mission anakhazikika ku Dombole, a Baptist ku Gowa, ndipo ansembe a Montfort anatsegula mishoni ya Nzama mu 1901. Zotsatira zake timaziona mpaka lero. Pa maliro amodzi mumapezeka Mabaibulo atatu: wina wanyamula Buku Lopatulika, wina Malembo Oyera, wina Buku Loyera. Vesi likangomveka mosiyana, mkangano wayamba: "Baibulo lanulo analisintha, lenileni ndi lathuli." Pali mabanja amene amasemphana chifukwa cha liwu limodzi. Chimene ndikufuna kukuonetsani n'chakuti kusiyana kwina sikunayambe ndi chinyengo cha munthu ayi. Kunayambira kutali kwambiri, m'khalidwe la aneni a Chiheberi, chiyankhulo chimene mbali yaikulu ya Chipangano Chakale inalembedwamo.

Muzu wa malembo atatu

Mneni wa Chiheberi amakhala ndi muzu wa malembo atatu, onse opanda liwu. Tengani k-t-b, muzu wa kulemba. Katab ndiye kuti analemba, yiktob ndiye kuti adzalemba, miktab ndi kalata. Malembo atatu aja sasuntha, chimene chimasintha ndi malembo a liwu a pakati ndi timphatikira ta m'mbali. Muzu umodzi ungathe kulowa m'misintho 7 ikuluikulu, ndipo apa mwana woyankhula Chichewa ali ndi mwayi kuposa mwana wa ku London. Msintho umene amautcha hiphil ndi msintho wathu wochititsa uja, monga kudya ndi kudyetsa. Niphal ndi wochitidwa kapena wochitika, monga kuswa ndi kusweka. Hithpael nthawi zambiri amagwira ntchito ya -dzi- wathu, monga m'mawu oti kudziyeretsa. Mngelezi amafunika mawu awiri kapena atatu kuti anene zimenezi, pamene ife ndi Aheberi timangosintha mneni yemweyo. Palinso misintho ina yosowa, monga pilpel, kumene malembo awiri a muzu amabwerezedwa. Mneni kilkel, amene akufotokoza za Yosefe akudyetsa abale ake ku Ejipito pa Genesis 47:12, ndi wa mtundu umenewu. Amene timanena kuti kuyendayenda sitingadabwe nazo.

Vuto limabwera muzu ukakhala ndi lembo lofooka, makamaka n, y, w kapena h. Malembo amenewa amathawa. Muzu wa kupatsa ndi n-t-n, umene timaumva m'mayina a Natani ndi Yonatani. Natan ndi anapatsa, koma adzapatsa ndi yitten, n woyamba wamezedwa. Polamula amangoti ten. Ponena kuti kupatsa amati tet, ndipo apa ma n onse awiri apita. Muzu wa kupita ndi h-l-k, koma polamula amangoti lek. Choposa zonse ndi muzu n-k-h, wa kumenya kapena kukantha. M'nkhani za nkhondo mumapezeka kawirikawiri liwu loti wayyak, kutanthauza kuti anakantha, ndipo m'liwu limeneli mwa malembo atatu a muzu mwatsala k yekha. Wophunzira amene akufuna kulipeza m'dikishonale amayenera kudziwa yekha malembo awiri amene asowa.

Tisaseke Aheberi, pakuti nafenso tili nawo aneni osamvera malamulo. Timati pita, yenda, gona, koma sitinena kuti dya kapena mwa. Timati idya, imwa. Mheberi polamula amataya lembo, ife timawonjezera. Nanga mneni -li? Timati ndili, ndinali, koma pa za m'tsogolo -li amatithawa, timabwereka mneni wina n'kunena kuti ndidzakhala. Musamuiwale -li ameneyu, tikumana nayenso kutsogoloku.

Anthu amene anasunga ndi kumasula mfundo

Alembi akale a Chiheberi sankalemba malembo a liwu. Wowerenga ankawadziwa pamtima. Tayerekezani kuti mwapeza m'kope mwa mwana malembo oti mnd. Kodi ndi munda kapena manda? Chiheberi chitasiya kuyankhulidwa m'makomo, mantha anakula oti kawerengedwe kolondola katayika. Ndiye pakati pa zaka za m'ma 600 ndi 1000, alembi otchedwa Amasorete, makamaka a mumzinda wa Tiberias m'mbali mwa nyanja ya Galileya, anapanga timadontho ndi timizere toika pansi ndi pamwamba pa malembo kuti tisonyeze katchulidwe. Wodziwika kwambiri mwa iwo ndi Aaron ben Asher, amene anaika timadontho m'buku lotchedwa Aleppo Codex cha m'ma 930. Buku lina, Leningrad Codex, linakopedwa ku Cairo mu 1008, ndipo ndilo lakale kwambiri mwa mabuku amene ali ndi Baibulo lonse la Chiheberi. Omasulira a masiku ano amatsamira pa limeneli. Chimene ndimawalemekezera Amasorete monga mphunzitsi n'chakuti akapeza mneni wooneka wachilendo sankamukonza ndi cholembera chofiira. Ankamusiya momwemo, n'kulemba m'mphepete kuti liwu ili likupezeka kamodzi kokha, kapena kawiri, kuti wokopa wa mawa asaganize kuti ndi cholakwa.

Kusunga n'kwina, kumvetsa n'kwina. Kwa nthawi yaitali akatswiri Achiyuda ankaganiza kuti pali mizu ya malembo awiri, ina ya lembo limodzi. Menahem ben Saruq, amene analemba dikishonale ku Spain cha m'ma 960, ankaganiza choncho. Amene anamasula mfundoyi ndi Judah Hayyuj, wobadwira ku Fez m'dziko la Morocco, amene anagwira ntchito ku Cordoba mpaka cha m'ma 1000. Iye ankadziwa galamala ya Chiarabu, ndipo m'mabuku ake, amene analemba m'Chiarabu momwemo, anaonetsa kuti aneni ooneka odukaduka aja ali ndi malembo atatu ngati anzawo, kungoti lembo lofooka limabisala motsata malamulo ake. Chooneka ngati chisokonezo chinapezeka kuti chili ndi dongosolo. Nzeru imeneyi inadutsa kwa David Kimhi ku Narbonne cha m'ma 1200, kenako kwa Akhristu kudzera mwa Johannes Reuchlin mu 1506, kwa Wilhelm Gesenius wa ku Halle amene galamala yake inatuluka mu 1813, mpaka kwa A. B. Davidson wa ku Edinburgh amene buku lake la oyamba kumene la 1874 linaphunzitsa mibadwo ya abusa a ku Scotland. Ndi kudzera m'sukulu za ubusa ngati zimenezi kuti Chiheberi chinafika kuno kwathu.

Kuchokera ku Mvera mpaka m'manja mwathu

Robert Laws wa mishoni ya Livingstonia anali atamasulira Chipangano Chatsopano m'Chinyanja pofika 1886. David Clement Scott wa ku Blantyre anatulutsa dikishonale yake ya Chimang'anja mu 1892. Ku Likoma, William Percival Johnson wa mpingo wa Anglican anamasulira Baibulo lonse m'Chinyanja cha kunyanja, ndipo linatuluka mu 1912. Koma mamishoni a kumtunda ankafuna Baibulo limodzi loti limveke kuyambira ku Shire mpaka ku Kasungu. Mu 1900 anapanga komiti, wapampando wake Alexander Hetherwick wa ku Blantyre, ndipo katundu wolemera anagwera William Hoppe Murray wa mishoni ya Dutch Reformed. Murray anapatula nthawi yaitali pa phiri la Kaso pafupi ndi Mvera, ndipo pambuyo pake anapitiriza ntchitoyi ku Nkhoma. Sanali yekha. Anali ndi aphunzitsi Achimalawi monga Jonathan Sande ndi Ishmael Mwale, anthu amene ankadziwa ngati chiganizo chikumveka kapena ayi. Pa Chipangano Chakale anathandizananso ndi Robert Napier wa ku Blantyre, amene anaphedwa ku Mozambique mu 1918 pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, osaliona bukulo litasindikizidwa. Buku Lopatulika lonse linatuluka mu 1922. Akatolika anatulutsa Malembo Oyera mu 1966, ntchito imene anaitsogolera Bambo Louis Villy. Buku Loyera, limene Akatolika ndi mipingo ina anamasulira limodzi pansi pa Bible Society, linatuluka mu 1998.

Magulu onsewa anakumana ndi aneni omwe aja. Tiyeni tione malo angapo.

Ndipo, ndipo, ndipo

Aliyense amene anakulira pa Buku Lopatulika amadziwa kuti mavesi ambirimbiri amayamba ndi ndipo. Ana anga ena mumalemba chimangirizo choyamba chiganizo chilichonse ndi ndipo, ine n'kumadula, osadziwa kuti chizolowezicho chili ndi zaka zoposa 2,500. Chiheberi chili ndi mitundu iwiri ikuluikulu ya mneni: wina wonena za chinthu chomalizika, wina wonena za chosamalizika kapena cha m'tsogolo. Koma pofotokoza nkhani, Mheberi amatenga mneni wooneka ngati wa m'tsogolo, n'kuikako wa- kumayambiriro, tanthauzo n'kukhala la zakale. Wa- ameneyu ndi mlumikizi, ngati ndipo wathu. Aneni otere alipo pafupifupi 15,000 m'Chipangano Chakale. Aphunzitsi akale ankati lembo limeneli limatembenuza nthawi. M'zaka za m'ma 1900 akatswiri, poyerekeza ndi ziyankhulo zachibale komanso makalata a dongo amene anapezeka ku Amarna m'dziko la Egypt mu 1887, anaonetsa kuti palibe chimene chimatembenuzidwa. Ameneyu ndi mneni wakale wamfupi wa nthawi yapita, amene anapulumuka pokhapokha pamene anamatirira ku wa-. Kufupika kwakeko ndi kumene kumadula aneni ofooka mpaka kutsala wayyak uja.

Mabaibulo a Chingelezi a nthawi ya Murray, la King James la 1611 ndi lokonzedwanso la 1885, ankamasulira wa- ameneyu pafupifupi paliponse, ndipo Buku Lopatulika linayenda njira yomweyo. Koma taonani chinthu chokoma. Chichewa chili ndi njira yakeyake yolumikizira zochitika zotsatizana. Lero timati anafika n'kukhala pansi n'kuyamba kulira. Agogo athu ankatinso anafika nakhala pansi nalira. Na- ameneyu ndi wofanana kwambiri ndi wa- wa Chiheberi, chifukwa naye amamatirira ku mneni ndi kutenga nthawi yake kwa mneni woyamba. Omasulira a 1922 anamugwiritsa ntchito kwambiri, ndipo ndikhulupirira kuti apa tikumva khutu la aphunzitsi Achimalawi aja. Lero mawu ngati nati ndi napita mumawamva kwambiri kutchalitchi kuposa kumsika wa Lizulu. Omasulira Buku Loyera anachotsa ma ndipo ambiri, ndipo pofotokoza nkhani anasankha -da- pamene Buku Lopatulika limakonda -na-. Chiheberi sichisiyanitsa zimene zachitika m'mawa uno, za dzulo ndi za kalekale monga timachitira ife. Womasulira aliyense amayenera kusankha yekha, vesi ndi vesi.

Kukhala kapena kubwerera

Salimo 23 timaliwerenga pafupifupi pa maliro aliwonse. M'vesi lomaliza muli mneni amene m'Chiheberi walembedwa ndi malembo w-sh-b-t-y. Pali mizu iwiri yofooka imene ingabale mawu amenewa. Wina ndi y-sh-b, kukhala, umene umataya y woyamba. Wina ndi sh-w-b, kubwerera, umene umataya w wapakati. Timadontho ta Amasorete timapereka weshabti, amene mwa malamulo ndi mneni wa kubwerera. Koma Ayuda amene anamasulira Masalimo m'Chigiriki, zaka zambiri Yesu asanabadwe ndiponso timadontho tisanakhaleko, anawerenga weshibti, kuchokera ku muzu wa kukhala, monga alili pa Salimo 27:4. Mabaibulo ambiri, kuphatikizapo Buku Lopatulika, anatsata kukhala. Ena a masiku ano amalemba za kubwerera m'munsi mwa tsamba. Kusiyana kwake ndi kamzere kamodzi ndi kadontho kamodzi pansi pa lembo. Tanthauzo loyamba likuonetsa munthu amene wapeza kwawo ndipo sachokanso. Lachiwiri likuonetsa mlendo wa ku kachisi amene azibwerako chaka ndi chaka. Amene anasankha kukhala sananame, ndipo amene walemba za kubwerera sanasinthe Baibulo.

Dzina lochokera ku mneni

Pa Eksodo 3:14, Mose atafunsa dzina la Mulungu, yankho likuzungulira pa liwu loti ehyeh. Limachokera ku muzu h-y-h, umene uli ndi malembo ofooka okhaokha, ndipo tanthauzo lake ndi la -li wathu uja. Mneniyu ali mu mtundu wosamalizika, choncho angathe kunena za tsopano kapena za m'tsogolo. Mavesi awiri m'mbuyo, pa vesi 12, liwu lomweli likupezeka m'lonjezo la m'tsogolo. Apa aneni awiri osamvera malamulo akumana. Chiheberi chikunena zonse ziwiri ndi liwu limodzi, pamene Chichewa chimatikakamiza kusankha pakati pa ndine kapena ndili mbali iyi, ndi ndidzakhala mbali inayo. Palibe womasulira amene angatenge zonse ziwiri popanda kuwonjezera mawu.

Dzina la malembo anayi, Y-H-W-H, ndimeyi ikulilumikiza ku muzu womwewu. Ayuda anasiya kulitchula chifukwa cha ulemu, ndipo powerenga ankati Adonai, kutanthauza Ambuye. Amasorete anaika timadontho ta Adonai pa malembo anayiwo kuti akumbutse wowerenga. Akhristu a ku Ulaya anawerenga malembo a dzina lina ndi timadontho ta dzina lina pamodzi, n'kutuluka Yehova, amene Buku Lopatulika linatibweretsera. Omasulira Buku Loyera anasankha Chauta, dzina limene makolo athu ankalidziwa azungu asanafike. Mkangano wa mayina awiriwa ndi waukulu, ndipo sindikufuna kuuweruza pano. Ndingopempha kuti okangana adziwe kumene dzina lililonse linachokera.

Pa mashopu ndi pa maminibasi timawerenga mawu oti Yehova Yire, ochokera pa Genesis 22:14. Yire ameneyu ndi yir'eh, kuchokera ku muzu r-'-h, ndipo tanthauzo lake lenileni ndi adzaona. Timamasulira kuti adzapereka chifukwa kuona kwake ndi kuja timanena ife tikati musadandaule, ndiona chochita. M'vesi lomwelo malembo omwewo akubweranso kachiwiri, koma Amasorete anawaika timadontho ta niphal, yera'eh, kutanthauza kuti adzaoneka kapena chidzaoneka. Mabaibulo amasiyana pa theka lachiwiri la vesili chifukwa cha zimenezi.

Mneni amene anadikira khasu la mlimi

Womaliza ndi mneni wosowa mtundu kuposa onse, hishtahawah, amene amapezeka pafupifupi ka 170. Tanthauzo lake ndi kudzigwetsa pansi mwaulemu. Kwa zaka mazana ambiri magalamala ankati amachokera ku muzu sh-h-h, ndipo ankavutika kufotokoza w amene ali mkatimo. Mu 1928 mlimi wina ku Syria anagunda manda akale polima, ndipo mu 1929 Claude Schaeffer anayamba kukumba pa Ras Shamra, pamene panali mzinda wakale wa Ugarit. Panapezeka mapale a dongo olembedwa chiyankhulo chachibale ndi Chiheberi, ndipo mneni yemweyu analimo. Kuchokera pamenepo akatswiri ambiri anayamba kuona kuti muzu wake ndi h-w-h, ndipo sh ndi t ndi timphatikira ta msintho wakale umene m'Chiheberi unatsala mwa mneni mmodzi yekhayu. Izi zinadziwika Buku Lopatulika litatuluka kale, komabe tanthauzo silinasinthe. Chimene chimavuta womasulira n'chakuti Chiheberi chimagwiritsa ntchito mneni yemweyu kwa Mulungu ndi kwa munthu. Abrahamu akuchita zimenezi pamaso pa eni dziko pa Genesis 23:7, abale a Yosefe akuchita zomwezo kwa Yosefe. Ife tili ndi kugwada, kuwerama, kulambira ndi kupembedza, ndipo Mngoni aliyense wa kuno amadziwa kuti kunena Bayethe kwa Inkosi Gomani si kupembedza. Womasulira akasankha liwu lolakwika, amasandutsa ulemu kukhala mafano.

Tsono titani nazo?

Kwa inu aphunzitsi anzanga a Chichewa ndi a Bible Knowledge, pempho langa ndi lakuti tiyese kuika Mabaibulo awiri kapena atatu pa tebulo limodzi m'kalasi. Ana apeze okha pamene aneni asiyana, afunse chifukwa chake, ayese kulemba ndime imodzi ndi na-, kenako ndi n'ku-, amve kusiyana kwake. Phunziro la misintho ya aneni limene amaliona ngati chilango lidzakhala ndi ntchito. Adzaonanso kuti chiyankhulo chawo si chosauka, popeza m'malo ambiri chimayandikira Chiheberi kuposa Chingelezi.

Kwa inu ana anga amene tsopano ndinu akulu a mpingo, amayi a Mvano, makatekisiti ndi alaliki, mnzanu akawerenga vesi mosiyana ndi lanu, musathamangire kunena kuti Baibulo lake ndi labodza. Yambani mwafunsa kuti mneni wa pamenepo ndi wotani. Kumbuyo kwa liwu limodzi limene mukukanganiranalo kuli mlembi wa ku Tiberias amene anakana kukonza chimene sanachimvetse, kuli Hayyuj amene anapeza malembo obisala, kuli Murray, Sande ndi Mwale amene anatha zaka akuyesa chiganizo chimodzi ndi chimodzi pa khutu la Mchewa. Onsewa anagwira ntchito mosamala kuposa mmene ife timakanganira.

Amene muli ndi Buku Lopatulika lakale lija lolemba c m'malo mwa ch, lisungeni bwino, ndipo mukabwera kumudzi mudzandibwereke ndidzawaonetse ana a Fomu 3.